Abulu Anayi a ku Natavoa

Injini zinayi zimene tinkaziti Abulu zinafika ku Natavoa m'chaka cha 1913, zili m'mabokosi, pa chombo chochokera ku Mangalande. Ine ndinali m'gulu la anthu amene anazitsitsa padoko. Dzina langa ndine Ramdhani. Nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka ziwiri ku Fiji, ndikudula nzimbe pa girimiti, pangano lija la zaka zisanu limene tinadindira chala ku India tisakudziwa kumene tikupita.

Zinali injini zazing'ono zobiriwira, za mawilo asanu ndi limodzi, chumuni chake chotambalala kumwamba kuti moto usathethekere m'minda. Njanji yake inali yopapatiza moti munthu unkaima mwendo uku mwendo uku osadzikoka n'komwe. Opanga ake anapanga zinayi zokha za mtundu umenewu, ndipo zonse zinabwera kwa ife. Dzina la Abulu linabwera chifukwa cha huta: ikamalira inkayamba mokuwa, kenako n'kutsamwa, n'kuyambanso. Kukoka zinkakoka, zimenezo palibe angatsutse. Vuto linali kuima. Buleki inali imodzi, ya pa injini pokha, yopotokola ndi manja, ndipo ngolo za nzimbe zinalibe buleki ngakhale imodzi. Potsika phiri la Vatulima pankafunika munthu wothamanga m'mbali mwa sitima, akulowetsa zipika m'mawilo a ngolo kuti asiye kuzungulira, azingokhwekhwereza.

Bulu Woyamba anaphulika mu 1916, m'mawa, pabwalo la fakitale. Dalaivala wake anali atamanga ndi waya kachitseko kotulutsira nthunzi yochuluka, pofuna mphamvu yokwerera phiri. Nsapato yake anaipeza padenga la sitolo, phazi lili momwemo. Woponya malasha wake tinamutolera m'thumba la shuga. Zitatha izi anthu anayamba kuthawa ntchito ya pa injini, ndipo ine, amene girimiti yanga inali itangotha, ndinaipeza mosavuta. Anandiika pa Bulu Wachitatu, kuti ndiziponya malasha kwa Saheb Pardoe, ndiye kuti Bwana Pardoe.

Pardoe anali mzungu wa ku Queensland, wa khosi lofiira ndi mawu a m'mphuno. Injini ankaidziwa. Ankatha kumva nati yomasuka sitima ili pa liwiro, ndipo m'mawa uliwonse ankaipukuta yekha Bulu Wachitatu, akuiyankhula motsitsa. Munthu ndiye sankamuyankhula motsitsa. Sipanala yake yaikulu inkakhala m'thumba lakumbuyo, ndipo nthunzi ikatsika pang'ono inkatera pamsana panga iye asanatsegule pakamwa.

Wothamanga ndi zipika pa sitima yathu anali Jhinku. Ine ndi iye tinakwera chombo chimodzi kuchokera ku Kalikata, ndipo kwa ife a girimiti munthu wotero ndi m'bale wako kuposa wobadwa naye. Anali wamfupi, wa timiyendo towonda, koma palibe ankamupeza pothamanga. Pakamwa pake sipankatsekeka.

"Bhaiya, m'bale wanga," ankandikuwira akadutsa pansi pa injini, "wada ngati kunsi kwa poto! Akazi ako amakuzindikira ndi mano okha?"

"Samala timiyendo ta nkhukuto," ndinkamuyankha. "Tsiku lina Saheb adzatitenga n'kukolezera moto."

Mkazi wa Jhinku anali Sukhdei, mayi wamtali kuposa mwamuna wake, wosalankhulalankhula, amene ankamweta udzu wa nyulu za kampani. Ine ndinkamuti bhauji, mlamu wanga. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Rajpati, wa zaka zinayi.

Linali Loweruka la mu Okutobala, 1918. Masana ake kunali mpikisano wa akavalo ku tauni, ndipo Pardoe sankafuna kuyenda maulendo awiri. Pamwamba pa Vatulima panali ngolo zodzaza zimene zinkayenera kutsika kawiri. Lamulo linali ngolo makumi anayi pa ulendo umodzi.

"Mangani zonse," anatero.

Jhinku anaziwerenga ndi chala, n'kubwera pansi pa injini. "Saheb, zilipo sikisite-thuu."

"Ndakufunsa?"

"Ayi Saheb. Koma zipika ndili nazo teni zokha, ndipo kwagwa kamvula. Njanji ikuterera."

"Ndiye uthamange kawiri, nyani iwe. Kapena miyendoyo unaisiya ku India?"

Jhinku anandiyang'ana, n'kuseka, n'kukweza dhoti yake, nsalu ya m'chiuno ija, mpaka m'ntchafu. Ndinatsegula chitseko cha ng'anjo n'kuponya malasha.

Chigawo choyamba cha phiri tinatsika bwino. Ndinkamuona Jhinku akuthamanga, akuwerama, akulowetsa chipika, akuthamanganso. Pokhota pachiwiri ndinamva ngolo zikutigunda kumbuyo, gu! gu! gu! imodzi ndi imodzi mpaka kufika kwa ife. Pardoe anandikuwira kuti ndipotokole buleki. Ndinapotokola mpaka m'mapewa munalira. Mawilo a injini anaima, koma injiniyo sinaime. Inkangotsetsereka, moto ukuthetheka pansi. Nzimbe zinayamba kugwa m'ngolo. Zipika za Jhinku zinatha. Ndinamuona akuzula mtengo wa mpanda m'mbali mwa njanji, akuthamanga nawo, akufuna kuulowetsa m'wilo la ngolo yachisanu ndi chitatu. Wilo linaulanda mtengowo, mtengo n'kumukokera iye pansi.

Sanakuwe. Ndinangoona ngolo zikudumpha pamalo amodzi, ina, inanso, inanso.

"Saheb! Jhinku wagwa! Ali pansi!"

"Gwira buleki!"

Sitima inakaima yokha kuchigwa, pafupi ndi mlatho. Ndinadumpha kuti ndithamangire kumtunda. Pardoe anandigwira malaya.

"Ukupita kuti? Nthunzi yatsika."

"Munthu ali panjanji, Saheb!"

"Atoledwa ndi a kumunda. Kwera."

Ndinamukankha. Inali nthawi yoyamba kukhudza mzungu ndi dzanja langa. Sipanala inandipeza pakamwa. Ndinagwa chagada pamiyala, ndipo podzuka ndinalavula mano atatu m'dzanja. Ndinawataya, n'kuyamba kuthamanga. Sananditsatire.

Jhinku ndinamupeza atadzikwawitsa mpaka m'udzu. Mwendo wakumanja unatsala pakati pa njanji. Wakumanzere unali ukugwira ndi khungu lokha pansi pa bondo. Ndinang'amba malaya anga n'kumanga ntchafu zonse ziwiri, ndikupotokola ndi kamtengo monga tinkachitira munthu akadzitema ndi chikwanje. Amuna anayi odula nzimbe anabwera, tinamunyamula pa thumba mpaka ku sitima, n'kumugoneka pamwamba pa nzimbe m'ngolo yoyamba. Njira ina yofikira ku chipatala inalibe.

"Bhaiya," anatero ndikumukonza mutu, "pakamwa pako pachita chiyani? Wanyansa bwanji."

"Khala chete. Tifika pompano."

Chipatala cha kampani chinali patsogolo pa fakitale. Koma pachipata cha fakitale pali sikelo, ndipo Pardoe anaima pasikelo. Ndinamupempha, magazi akutuluka m'kamwa, kuti tidutse kaye. Anati nzimbe sizilowa zosayezedwa. Kalaliki wa pasikelo anasuzumira pawindo, anaona munthu ali pamwamba pa ngolo, anayang'ana Pardoe, n'kuweramira m'buku lake. Anayeza ngolo yoyambayo Jhinku ali pomwepo. Pamene tinkamutsitsa ku chipatala anali atasiya kuyankha, ndipo anamwalira dzuwa lisanapendeke. Pardoe anakafika ku akavalo mpikisano wachitatu usanayambe.

Lamulungu masana anabwera kunyumba kwanga, chinthu chimene anali asanachitepo. Anaima pakhomo osavula chipewa. Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo Pardoe anayang'ana mimbayo nthawi yaitali.

"Mawa akufunsa ku ofesi," anatero. "Ngolo zinali fote. Mnzakoyo anali atasuta chamba. Mano ako unagwa wekha. Nyumba ino ndi ya kampani, ukudziwa eti?"

"Ndikudziwa, Saheb."

Lolemba mu ofesi munali manijala, dokotala ndi mzungu wina wa boma wolemba. Mawindo anali otsegula chifukwa cha kutentha. Ndinanena zonse monga anandiuzira: fote, chamba, ndinagwa ndekha. Wolembayo sanadzutse n'komwe mutu. Potuluka ndinapeza Sukhdei atakhala pansi pakhonde, pansi penipeni pa windo, Rajpati ali pamiyendo.

"Bhauji," ndinatero.

Anaimirira pang'onopang'ono. "Pachombo paja, iwe ukusanza masabata atatu, ankakubisira chakudya m'malaya ndani?"

Anali Jhinku, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

"Chamba," anatero Sukhdei. "Munthu amene ngakhale fodya ankamutsokomoletsa." Anakweza mwana m'chiuno n'kumapita. Sanatukwane, sanalire. Bola akanandilavulira.

Panapita masabata atatu. Ndinkagwira ntchito, ndinkadya roti, mkate wathu wopyapyala, woviika mu msuzi wa nyemba chifukwa cha nsagwada, ndipo ndinkazemba njira ya kunyumba kwa Sukhdei. Mwana wanga anabadwa, wamwamuna, koma pa mwambo wa tsiku lachisanu ndi chimodzi anthu a pachombo chathu sanabwere ngakhale mmodzi.

Pa mtunda wachisanu ndi chinayi kuchokera ku fakitale panali thanki pamene injini zinkamwera madzi. Wopopa madzi anali Apisai, Mfiji wamkulu thupi, wa tsitsi la imvi, amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi tsiku lonse. Pa thanki pomwepo pankapatuka kanjanji kena kopita ku doko lakale la matabwa, pamwamba pa matope a m'mphepete mwa nyanja. Dokolo linali litawola, ndipo kanjanjiko tinkangosungirako ngolo zopanda katundu. Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, tinamasula nzimbe zathu, n'kukhotetsa njanji kuti tikatenge ngolo ziwiri kumeneko tikatha kumwa madzi. Amayi omweta udzu anali m'mbali mwa njanji monga mwa masiku onse, atawerama, nkhope zitaphimbidwa ndi nsalu. Sindinawayang'ane.

Pardoe anali akupukuta galasi la madzi, msana atalozetsa kukhomo. Ine ndinali ndi fosholo m'manja. Ndinamva phazi pa chitsulo chokwerera, ndipo potembenuka ndinaona Sukhdei ali kale m'kati, chikwanje chodulira nzimbe chili mmwamba. Anandiyang'ana kamodzi. Pakati pa iye ndi Pardoe panali ine. Ndinasuntha.

Chikwanje choyamba chinatera paphewa, chinalowa mpaka ndinamva fupa. Pardoe anabangula n'kutembenuka atakweza dzanja, ndipo chachiwiri chinadula zala zitatu ndi theka la khutu. Zalazo zinagwera pamalasha. Chachitatu chinaphonya, chinamenya paipi, n'kupulumuka m'manja mwake.

Munthu uja anali ndi mphamvu ngati ng'ombe. Ndi dzanja lotsalalo anamugwira Sukhdei tsitsi, n'kumumenyetsa nkhope pa chitsulo chotentha, kawiri, katatu. Ndinamva mphuno ikuthyoka. Kenako anakankha chitseko cha ng'anjo ndi nsapato, chinatseguka, ndipo anayamba kumuweramitsira mutu m'moto.

"Hule iwe! Ndikuwotcha! Ramdhani, mugwire miyendo!"

Sukhdei anatsamiza manja onse m'mphepete mwa ng'anjo, zikhatho zikupsa, koma osakuwa. Nsalu ya kumutu inayaka. Ndinamva fungo la tsitsi.

"Ramdhani! Wagontha?"

Fosholo ya malasha ndi yolemera, ndipo yanga inali yakuthwa kukamwa chifukwa chokhula pachitsulo zaka ziwiri. Ndinaikweza mmene denga linalolera, n'kumutema nayo kunkhongo. Sanagwe. Anatembenuza mutu kundiyang'ana, modabwa, ngati galu wake wamuluma. Ndinamutemanso, pamwamba pa khutu lotsalalo. Apa anagwa chafufumimba, ndipo chifuwa chake chinatsamira chitsulo chotsegulira nthunzi n'kuchikankha mpaka kumapeto.

Bulu Wachitatu analumpha. Paipi ya thanki inathyoka, madzi anatikhuthukira, ndipo ndi amene anazimitsa mutu wa Sukhdei. Ndinayesa kumuchotsa Pardoe pachitsulopo koma lamba wake anali atakola. Injini inali italowa kale kanjanji ka kudoko, yopanda katundu, ikuthamanga kuposa mmene ndinaionerapo. Ndinamukumbatira Sukhdei m'chiuno n'kudziponya naye kunja. Tinagubuduka m'miyala, ndipo kakolo wanga anathyoka ndikumva.

Ndili chigonere ndinaona injini ikugunda ngolo ziwiri zija n'kuzikankhira padoko. Matabwa anapirira pang'ono, kenako anathyoka onse pamodzi. Bulu Wachitatu anapendekeka, n'kugwa cham'mbali m'matope. Nyanja inali itaphwa. Paipi yaikulu inaphulika m'kati, ndipo nthunzi yoyera inakwera kupitirira mitengo.

Ndinkaganiza kuti Pardoe wafa kale ndi fosholo. Ayi. Nthunzi inamudzutsa. Mwendo wake unali utapanikizika pansi pa injini, ndipo anayamba kukuwa. Ankakuwa m'chizungu, kenako m'chiyankhulo chathu, kenako ankangoitana dzina langa. Apisai anathamanga, analowa m'matope mpaka m'chiuno, anadziphimba thumba lonyowa n'kulowa mu nthunzimo. Anatuluka atagwira dzanja la Pardoe, koma chimene chinatsala m'manja mwake linali khungu lokha, losupuka ngati sokosi. Analowanso kachiwiri, mikono yake nayo inasupuka, ndipo anabwerera n'kukhala pansi m'matope, akupemphera mokweza. Kukuwa kuja kunatenga nthawi yoti munthu n'kuphika mpunga n'kupsa.

Sukhdei anali atakhala tsonga pambali panga, manja atawatambasula pamaondo, nkhope yosazindikirika. Amayi anzake anali atathawa onse.

"Akadali moyo?" anandifunsa, chifukwa maso anali atatupa.

"Wasiya."

"Ndipatse madzi."

Azungu anafika pa akavalo, asanu ndi awiri, ena ndi mfuti. Sanafunse kanthu. Woyamba anandimenya ndi thendere la mfuti pamphumi, ndipo ena anandipondaponda mpaka nthiti ziwiri zinathyoka. Sukhdei anamumanga manja opsawo ndi chingwe, n'kumangirira kuchishalo, ndipo anamuyendetsa mitunda isanu ndi inayi m'mbali mwa njanji. Akagwa, kavalo sankaima. Madzulo ake akapitawo analowa m'nyumba za antchito ndi zikoti, akukwapula aliyense amene anali ndi chikwanje chonola, ndiye kuti aliyense. Mkazi wanga akapitawowo anamutulutsa m'nyumba ndi khanda lake, katundu n'kumuponyera mumsewu.

Mlandu unazengedwa ku likulu patapita miyezi iwiri. Sukhdei anauza woweruza, kudzera mwa womasulira, kuti anachita zonse yekha, ndipo kuti ine ndinkangonjenjemera pakona monga mwa chikhalidwe changa. Apisai, mikono ili m'mabandeji, anafunsidwa chimene anaona.

"Ndinkayang'ana madzi, bwana."

"Munthu akutemedwa mapazi khumi kuchokera pamene unaima?"

"Ntchito yanga ndi madzi, bwana. Akasefukira amandidula malipiro."

Koma dokotala anali atapeza mabala awiri a kumutu amene sanali a chikwanje. Sindinganame kuti ndinalimba mtima ndekha. Ndinaona kuti zadziwika kale. Komabe nditaimirira, pakamwa panatseguka kupitirira pamene anandifunsa. Ndinanena za fosholo. Ndinanena kuti ngolo zinali makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, kuti Jhinku sankasuta, kuti anamuyeza pasikelo pamodzi ndi nzimbe, ndi kuti ine ndinanama mu ofesi chifukwa cha nyumba. Woweruza anati zimenezo si za mlandu uno. Womasulira, mwamuna wachikulire wa ku Madrasi, anazimasulirabe zonse mpaka kumapeto.

Sukhdei anamulamula kuti anyongedwe, koma pambuyo pake anasintha kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Ine anandipatsa zaka khumi ndi zikoti makumi awiri ndi zinayi. Zikotizo anandikwapula tsiku limodzi, nditamangidwa pa mtanda wa matabwa, dokotala akundigwira mtsempha pakati pake kuti aone ngati angapitirize. Ndinakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri, ndikuswa miyala.

Bulu Wachitatu sanatulukemo m'matope muja. Ndinamva kuti anayesa kumukoka ndi Wachiwiri ndi Wachinayi pamodzi, unyolo unaduka n'kuthyola msana wa munthu mmodzi, ndipo anangomasula zamkuwa n'kumusiya. Nyanja ikaphwa chumuni chake chimaonekabe, nkhanu zikulowa ndi kutuluka.

Ndinabwerera ku Natavoa mu 1926. Girimiti inali itathetsedwa, manijala anali wina, ndipo anthu odziwa Abulu anali atachepa. Anandilola kuwola phulusa ku shedi. Patapita zaka zitatu woponya malasha wina anadwala, anandikweza kwa sabata imodzi, ndipo sabatayo sinathe. Bulu Wachiwiri anapita ndi chigumula cha 1931: anamuimika pamlatho ndi ngolo za miyala kuti mlathowo ulemere usakokoloke, madzi anatenga zonse. Anamupeza pansi pa mchenga, anachotsako mawilo ndi zitsulo zina zoti zizithandiza Wachinayi. Kuyambira pamenepo Bulu anatsala mmodzi.

Sukhdei anamutulutsa mu 1934. Rajpati anali atakwatiwa ndi mlimi wa nzimbe amene munda wake unali m'munsi mwa Vatulima, nyumba ili mapazi makumi atatu kuchokera panjanji, ndipo anakamutenga mayi ake. Ndinapita kukamuona Lamulungu lina, nditatenga nsalu ndi maswiti. Anali atakalamba kuposa zaka zake, mphuno yopindika, zala zosatambasuka, theka la mutu lopanda tsitsi.

"Bhauji, ndine Ramdhani."

"Ndamva. Ukuyenda ngati mbuzi yothyoka mwendo." Anakhudza nsaluyo, n'kuikankhira kwa mwana wake. "Ukugwira kuti?"

"Pa Wachinayi."

"Unabwererako."

"Ntchito ina sindiidziwa, bhauji."

Rajpati anandipatsa tiyi, ndinamwa, n'kutsanzika.

M'mawa mwake tikudutsa ndi nzimbe, mwala unamenya denga la injini. Ndinasuzumira. Sukhdei anali ataima m'mbali mwa njanji, miyala ina ili m'nsalu, akuponya ndi manja awiri chifukwa dzanja limodzi silinkagwira. Wachiwiri unamenya chumuni. Dalaivala wa nthawiyo anatukwana n'kunena kuti akauza apolisi, koma atamva kuti mayiyo ndani, anangoyamba kuthamangitsa sitima pamalopo.

Ankatuluka tsiku lililonse la nyengo yodula nzimbe. Injini zina zazikulu zimene kampani inagula pambuyo pake ankazisiya zidutse. Akamva huta ya Bulu, ankasiya chilichonse chimene akuchita. Adzukulu ake ndi amene ankamutolera miyala kumtsinje.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba azungu ambiri anapita, ndipo mu 1942 anandipatsa Wachinayi kuti ndiziyendetsa ndekha. Woponya malasha wanga anali Munsami, bambo wa ana asanu ndi mmodzi, wokonda kudandaula. Tsiku loyamba tikuyandikira nyumba ya Rajpati ndinatseka nthunzi, sitima n'kuyamba kuyenda ngati munthu wapansi.

"Mukuchepetsa?" anatero Munsami. "Apa m'pothamanga apa! Simukumuona mayi wamisala uja?"

"Maso ake afooka. Tikathamanga saipeza."

"Saipeza? Ndiye mukufuna aipeze?"

"Bisala kuseri kwa malasha."

Sanabisale msanga, ndipo mwala unamung'amba pamwamba pa diso. Anatukwana ine, mayiyo, kampani ndi tsiku limene anabadwa, magazi akutsikira m'ndevu. Anakapempha kuti amusinthe, anamukaniza, ndipo pomaliza anadzipangira chipewa cha chitini cha palafini chimene ankavala tikafika pamenepo. Ine miyala inandipeza kangapo. Wina unandithyola chala. Sindikudziwa ngati ankalinga ine kapena injini, ndipo sindinamufunse.

Mu Ogasiti 1949 tinapeza Rajpati ataima pakati pa njanji, akukupiza nsalu yoyera. Ndinaimitsa.

"Kaka," anatero, monga mwana amaitanira m'bale wa bambo ake, "amayi atisiya m'mawa uno. Nkhuni zowotchera mtembo zili kutsidya kwa mtsinje, ndipo ngolo ya ng'ombe siingawoloke, madzi achuluka."

Ndinayang'ana Munsami. Anavula chitini chake n'kutsika kukamasula nzimbe. Tinazisiya pa kanjanji kapambali, tinatenga ngolo imodzi yopanda kanthu, n'kubwerera chambuyo kuwoloka mlatho. Amuna a m'mudzimo anapakira nkhuni, ena anakwera pamwamba pake, ndipo tinazitsitsa pafupi ndi dambo limene amawotcherako. Ndinakhala mpaka moto utagwira bwino. Fakitale inadikira nzimbe maola atatu tsiku limenelo, ndipo manijala anandiimitsa ntchito masabata awiri.

Wachinayi ndinamuyendetsa zaka zina zisanu ndi zitatu. Mu 1957 kunabwera injini za dizilo, ndipo anamukokera kuseri kwa shedi, kumene amuna atatu ochokera ku tauni anamudula ndi moto wa gasi masiku anayi. Zitsulozo zinakwera chombo cha ku Japani. Ine ndinapuma ntchito chaka chomwecho, ndipo Munsami anapita kukaphunzira dizilo, akudandaula kuti ikununkha.